Uthenga ndi Phokoso: Maganizo Athu pa Kanema wa "The Bit Player"

Kanema ameneyu, wokonzedwa ndi Mark Levinson, asimba za moyo wa Claude Shannon (1916–2001), katswiri wa masamu wa ku America. M'chaka cha 1948, akugwira ntchito ku Bell Labs, Shannon anaonetsa kuti uthenga uliwonse, kaya mau kaya chithunzi, ungatumizidwe ndi zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1, nufika wosaonongeka ngakhale m'njira muli phokoso, malinga ngati liwiro lake silipyola malire a njirayo.

Timuyamika Levinson pomasulira nzeru zozamazi momveka, ndi potionetsa munthu wokonda kusewera, amene anapanga mbewa ya makina yotchedwa Theseus.

Komabe chilipo chotidetsa nkhawa. Nkhalamba imene tiiona ikuyankha mafunso m'nyumba mwake si Shannon ai, koma John Hutton, wochita sewero. Woonera sangathe kulekanitsa mau amene Shannon ananenadi ndi amene wokonza kanema anamuikira m'kamwa. Potero kanemayu wadzithirira yekha phokoso pa uthenga wake. Ife amene taphunzira kusiyanitsa mau a mboni ndi dzanja la mlembi tidziwa kuti nkhaniyi si yaing'ono. Tiyeni timuonere ndithu, koma tili maso.