Mmene Collodi Anamezetsera Pinocchio

M'mutu 34 wa Pinocchio, buku la Carlo Collodi lomwe linatuluka ku Florence mu 1883, kachidole kamtengo kotchedwa Pinocchio kakusambira mwaliwiro kuthawa chinsomba chotchedwa Pesce-cane. Wolembayo watiwonetsa kale mano a chinsombacho, mizere itatu yathunthu. Owerenga akudikira kumva mafupa akuphwanyika.

Manowo sagwira ntchito. Chinsombacho chingokoka mpweya n'kumumwa Pinocchio monga munthu amamwera dzira la nkhuku. Apa ndi pomwe ndimamugomera Collodi. Chitaliyana chili ndi aneni ambiri a kukhosi: deglutire ndi wa adokotala akamayeza wodwala amene chakudya chikumutsamwa, trangugiare ndi wa munthu wanjala yemwe sakutafuna n'komwe, tracannare ndi kugugudiza chakumwa osapumira. Collodi anawasiya onsewa n'kutenga bere, kumwa wamba, komwe ngakhale mwana wa zaka zitatu amakudziwa. Chomwedwa sichitafunidwa, choncho mwana amene akumvetsera nthanoyi sadabwa kuti Pinocchio wafika m'mimba ali wamoyo, wangozunguzika mutu ndi kugwako. Chinsombacho chikamaliza kumwa ndiye pakubwera inghiottire, kutsetsereka kupyola kum'mero kwa chinthu chomwe sichibwereranso, pamene ingoiare, kumeza mwadyera chinthu chathunthu, Collodi anamusungira pamwamba pa mutu 34 kuti aopseze tisanayambe kuwerenga.

M'kati muja, poyaka kandulo, Geppetto, yemwe anasema Pinocchio, akufotokoza kuti iyenso anamezedwa ngati kachakudya kakang'ono ka ku Bologna kotchedwa tortellino. Nkhalamba yomwe yakhala zaka ziwiri mumdima ikusimba tsoka lake ndi mawu a kukhitchini, ndipo mantha a mwana akuchepa pomwepo.

Womasulira m'Chingerezi, kuyambira Mary Alice Murray mu 1892, amakumana ndi vuto lomweli losankha mneni. Mneni swallow amalowa paliponse, kwa dokotala ndi kwa chilombo chomwe, moti n'kosavuta kumubwereza katatu mpaka kusiyana konse kutayika. Gulp ali ndi phokoso koma ndi wopepuka, bolt ndi wa galu pambale, guzzle ndi wa kumowa. Drink amamveka wachilendo chomwedwacho chikakhala munthu, ndiye womasulira watcheru amatembenukira kwa suck, mmene Mngerezi amanenera za dzira lobowoledwa, kuti mpweya wokokedwa uja umvekebe, n'kusunga swallow mpaka Pinocchio atadutsa pakholingo.