Liu la "Ham": Kodi ndi Nyumba Kapena Mudzi?

Mabuku ambiri ophunzitsira Chingelezi amamasulira liu la "home" kuti nyumba, ndipo mwana amaloweza chomwecho osafunsa kanthu. Kumasulira kotere nkoperewera, pakuti kumataya tanthauzo limene liuli lidabadwa nalo. Wofuna kuona kupereweraku ayenera kubwerera kwa kholo la liuli, ndilo "ham".

Liu limeneli lidafika pa chisumbu cha Britain pamodzi ndi mitundu ya Angles ndi Saxons, imene idaoloka nyanja m'zaka za m'ma 400 kuchokera ku madera amene lero ali kumpoto kwa Germany ndi ku Denmark. Abale ao otsala kutsidya adalisunga, kotero kuti Mjeremani kufikira lero amati "Heim". M'kamwa mwa Angelezi "a" wotalika adasanduka "o": monga "stan" adakhala "stone", momwemonso "ham" adakhala "home". Ku Scotland kumamvekabe "hame".

Komatu "ham" sanali zipupa ndi denga pokha ai. Anali malo onse amene banja lidakhazikikapo, pamodzi ndi makola, minda ndi anthu ake. Kunena kwina, mudzi. Umboni wake uli m'maina a malo. Birmingham kale anali "Beormingaham", mudzi wa anthu a Beorma, ndipo m'buku la kalembera la Domesday la chaka cha 1086 adaulemba monga kamudzi ka phindu la masheleni 20 okha. Nottingham anali "Snotingaham", mudzi wa anthu a Snot. Koma a Norman atalanda dzikolo mu 1066, "s" woyambayo adawavuta lilime, namtaya. Kutcha malo kotere sikwachilendo kwa mwana amene mudzi wake udziwika ndi dzina la mwini mudzi, amenenso akati "kwathu" sanena za nyumba imodzi.

Tsono pano pali msampha umene wogwa mphwayi agwamo msanga, ndiwo kuyesa kuti dzina lililonse lothera ndi "ham" linena za mudzi. Angelezi akale adali ndi liu lina, "hamm", lotanthauza dambo kapena malo ozingidwa ndi mtsinje. Evesham ali pokhota mtsinje wa Avon, Buckingham pokhota Great Ouse, ndipo maina awiriwa adachokera kwa "hamm". Durham ndiye alibe chibale ndi onsewa, popeza kale anali "Dunholm". Eilert Ekwall wa ku Sweden, amene adatulutsa buku lake lomasulira maina a malo a ku England mu 1936, ayenera kutamandidwa chifukwa sanakhulupirire maonekedwe a dzina a lero, koma adayamba wafunafuna kalembedwe kake kakale. Ngakhale motero, alipo maina amene kalembedwe kokha sikatha kuwaweruza, ndipo wofufuza ayenera kupenyanso kaimidwe ka malowo, ngati pali mtsinje kapena ai.

Mphunzitsi wa mawa atolepo zinthu ziwiri. Choyamba, "house" ndiye nyumba, koma "home" ayandikira kwa "kwathu" ndi "kumudzi". Mwana wouzidwa zimenezi sadzasokoneza mau awiriwa polemba. Chachiwiri, kufanana kwa zilembo si umboni wa chibale. Amene aphunzira kusamala kotere pa maina a ku England adzasamalanso pamene ana adzamfunsa chiyambi cha dzina la phiri kapena mtsinje wa kwao, ndipo adzawatuma kwa akuluakulu m'malo mongopeka.