Siginala, mwini nyali za pakati pa nyanja

Dzuwa likamapendeka pa doko la Msaka ku Mangochi, alovi, asodzi ogwira ntchito pa boti, amakhala pakalikiliki. Ena akupinda ukonde wa chilimira, ena akuthira mafuta mu injini, ena akukweza mabwato pamwamba pa boti la matabwa. Pali mmodzi amene sagwira nawo zambiri. Amaima chapatali, maso ali kunyanja, kuona mtundu wa madzi ndi komwe kukuchokera mphepo. Ameneyu ndiye siginala. Ukonde ndi injini anagula ndi mwini zida, koma usiku wonsewo mawu omaliza ndi a munthu uyu, ndipo ndowa zikabwerera zopanda kanthu, dzina lomwe litchulidwe pa doko m'mawa ndi lake.

Mlimi amadziwa malire a munda wake poona chulu kapena mtengo. Panyanja palibe chulu. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 560, ndipo chakumpoto imazama mamita pafupifupi 700, ngakhale kuti kupitirira mamita 250 kulibe mpweya woti nsomba n'kukhalako. Madzi onsewa mlendo amawaona ofanana. Kwa msodzi wodziwa, nyanja ili ndi midzi, ili ndi njira, ilinso ndi zipululu zomwe ungaponyeko ukonde mpaka kucha osakola ngakhale kamodzi.

Mudzi waukulu wa nsomba ndi chirundu, phiri la miyala la pansi pa madzi lomwe nsonga yake siionekera. Pamenepa ndi pomwe utaka umasonkhana, mitu italoza komwe madzi akuchokera, kudikira tizilombo ting'onoting'ono tobwera ndi madziwo. Nanga munthu amachipeza bwanji chinthu chosaoneka, pamalo opanda chikwangwani? Amachipeza poyang'ana kumtunda. Amapalasa mpaka nsonga ya phiri lina italunjikana ndi mlambe wa pagombe, kenaka n'kucheuka kuona ngati mphuno ya chilumba yaphimba phiri lachiwiri. Zonse ziwiri zikagwirizana, amaika nkhafi pansi: ndi pano. Ine nzeru imeneyi imandigwira mtima, chifukwa sinalembedwe pena paliponse. Mnyamata amaitola ali chikhalire kutsogolo kwa bwato la amalume ake, akukapa madzi, akumva mayina a mapiri chaka ndi chaka mpaka atakhazikika m'mutu. Asodzi a ku chilumba cha Mbenji ku Salima, komwe Mfumu Makanjira imatseka usodzi nyengo ya dzinja n'kudzatsegula mvula ikamatha, amabwerera patapita miyezi ingapo n'kukaima pa virundu zomwezo ngati anachokapo dzulo.

Kupeza malo n'chiyambi chabe. Madzi a pansi ali ndi ulendo wawo, womwe asodzi amati mweza, ndipo nthawi zina umalowera kosiyana ndi mphepo ya pamwamba. Wodziwa amatsitsa kachingwe komangirira mwala, n'kumva ndi zala komwe kakukokeredwa. Akalakwa apa, chilimira chimapindika chisanatseguke, kapena chimakakodwa pa miyala n'kung'ambika, ndiye kuti mawa lonse anthu akhala pamchenga akusoka.

Koma luso lenileni la siginala limaoneka usiku wa mdima, posaka usipa. Boti likafika pamalo, amamutsitsira bwato lake, iye n'kukhala pamilomo pake, miyendo ili m'kati wina kutsogolo wina kumbuyo, poti kamwa la bwato ndi lopapatiza. Nyali zili pa kathabwa, zikuwalira m'madzi. Anzake amatalikira, kuzimitsa injini, ena mpaka kugona. Iye ndiye watsala yekha ndi nyanja.

Kuwala kumaitana tizilombo, ndipo usipa umatsata tizilomboto. Zimenezi aliyense pa doko angakuuzeni. Chomwe sangakuuzeni ndi nthawi. Siginala amayang'ana tithovu tomwe tikukwera kuchokera pansi, kuchuluka kwake ndi kukula kwake, n'kudziwa ngati gulu lafika kapena ndi tapatsogolo chabe. Amamvera kaphokoso ka pamwamba pa madzi, konga mvula yowaza pa udzu. Amaona ngati nsomba zikuzungulira modekha kapena zikubalalika chifukwa ncheni yalowa pakati pawo. Akaitana msanga, anthu asanu ndi atatu kapena khumi akoka ukonde wolemera n'kupezamo theka la ndowa. Akachedwa, gulu limatsika n'kupita. Pakati pa kufulumira ndi kuchedwa pali kamphindi kochepa, ndipo munthuyu amakadikira maola awiri kapena atatu, mphepo ikumuomba, osasuntha bwato mwaphuma, osagunditsa nkhafi.

Akaitana, mabwato awiri amazungulira akuponya chilimira, n'kuyamba kukoka zingwe. Apa ndi pomwe ndimati munthuyu ndi m'busa. Ndi dzanja limodzi amapalasa pang'onopang'ono, nkhafi osaitulutsa m'madzi, kutsogolera kuwala kulowa m'kamwa mwa ukonde, usipa uli pambuyo ngati mbuzi zotsata mwini wake kukhola. Akathamanga, nsomba zimatsala mumdima. Akazengereza, pansi pa ukonde pamakwera gulu lisanalowe. Ukonde ukamatsekeka, iye amadutsitsa bwato pamwamba pa chingwe cha zoyandama n'kutuluka, kusiya madzi akuwira ndi siliva pambuyo pake. Pakatero amasamukira pena n'kuyambiranso, kangapo usiku umodzi.

Kale nyali zake zinali za parafini, zopopa, zofuna kusamala magalasi ndi utambo. Lero ambiri ali ndi mababu a LED ndi mabatire. Kuwala kwachuluka, nyali zachulukanso, moti ukaima pa Senga Bay kapena ku Nkhata Bay usiku ungayese kutsidya kuli tauni. Mwezi wokha ndi womwe sunasinthe: ukawala, nyali imasanduka chabe, ndipo zida zimapuma.

Chomaliza ndi kukocheza. Madoko ambiri a asodzi alibe simenti kapena mlatho wokocheza. Doko ndi mchenga basi, pomwe gombe lapendekeka bwino ndipo miyala kapena chilumba chatchinga mphepo. M'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mafunde amatha kugudubuza boti lodzaza pamaso pa amayi omwe akudikira ndi mabeseni. Siginala amauza wa injini kuti adekhe, amalola mafunde akuluakulu adutse pansi pawo, n'kusankha limodzi loti liwanyamule. Mphuno ya boti ikangokhudza mchenga, alovi adumphira m'madzi kale, aligwira uku ndi uku lisanatembenuke.

Mitengo ikamakambidwa ndipo usipa woyamba ukamayalidwa pa thandala, iye amakhala akukokera bwato lake kumtunda, kupitirira pomwe mafunde amalekeza. Amamasula nyali, napereka mabatire kwa mwana kuti akatchajitse, kenaka n'kupita kukagona dzuwa lili pamutu.