Za Mitengo ndi Mabwalo a ku Nkhotakota

Mlendo akafika ku Nkhotakota, ife eni mudzi tifulumira kunka naye ku mkuyu uja wa pa Misyoni, pamene Dr. Livingstone anakhala pansi ndi Jumbe m'chaka cha 1863, nanena naye za malonda a akapolo. Timfotokozera zonse monyadira. Koma mlendoyo akafunsa kuti, Nanga mtengo umene munabzala inu uli kuti? pomwepo tiyang'ana pansi.

Makolo athu anadziwa kuyala mudzi. Pakati anasiya bwalo, ndi pabwalopo mtengo wamthunzi. Pamenepo akulu anaweruza milandu, asodzi anasoka makoka ao, ndipo wosauka anakhala pafupi ndi wolemera, osalipira kanthu. Ngakhale a Jumbe, amene anadza kuno ndi zombo zao, anabzala mitengo ya kokonati, nakometsa doko lao. Sindiwayamika ai, pakuti m'mithunzi yomweyo munagona anthu athu omangidwa m'magoli, alikudikira kuoloka nyanja kunka ku Kilwa. Ndipo mau a Livingstone sanawamasule, popeza malondawo anakhalabe kufikira zaka za m'ma 1890. Ndingoti, ndi anthu ouma mtima omwe anazindikira kuti pokhala anthu pafunika mthunzi.

Tsono taonani, abale, mudzi watsopano umene wamera m'mbali mwa mseu waukulu wa M5, wochokera ku Salima kunka ku Nkhata Bay. Masitolo athithikana, khoma kukhudza khoma, ndipo onse afulatira nyanja imene inabala mudziwu. Mai wochokera ku Dwangwa, amene wadza ndi mwana wodwala ku chipatala, podikira galimoto yobwerera kwao mwezi wa October, adzakhala pati? Angoima pa khonde la sitolo, namachita manyazi popeza sagula kanthu. Nakonso kugombe, malo ena achingidwa ndi mipanda ya nyumba za alendo, kotero kuti akazi otsuka mbale ayenda mozungulira kufuna potsikira.

Ena adzati, Malo a pamseu ndi ndalama, tisiyirenji bwalo lopanda phindu? Ndiwayankha kuti msika wa mthunzi usunga ogula, ndipo nsomba ndi ndiwo zamasamba sizichedwa kuonongeka padzuwa.

Mlanduwu undikhudza inenso. Chaka ndi chaka, mvula ikagwa, ndaturutsa ana a sukulu kukabzala bulugama m'mizere. Tinayimba, tinaomba m'manja, ndipo pofika chilimwe mbuzi zinatha yonse. Ndiponso bulugama apatsa milimo ndi nkhuni, koma mthunzi wake ngwochepa, sungasonkhanitse mudzi.

Pempho langa kwa mafumu ndi kwa oyesa malo ndi ili: poyesa malo atsopano, ayambe apatula bwalo ndi njira yotsikira kunyanja, ndipo masitolo adze pambuyo. Pabwalopo abzale mkuyu, mbawa kapena mango, autchingire ndi minga, natchule dzina la munthu mmodzi wouthirira kufikira upitirire msinkhu wa mbuzi.