Amisiri olumikiza ulusi wa galasi

Uthenga wotumizidwa pa foni ku Kazuni, kufupi ndi Vwaza, ukachoka pa nsanja umakalowa mu faiba, ulusi wa galasi woonda ngati tsitsi. ESCOM inayala ulusi wotere motsata mawaya ake a magetsi mothandizana ndi Huawei kuyambira mu 2017.

Amisiri oulumikiza ndimawatayira kamtengo. Amausenda, kuupukuta mpaka kuyera, kuudula mowongoka, kenako makina amawotcherera nsonga ziwiri za ulusiwo. Kafumbi kamodzi kokha kamawononga ntchito yonse. Akalumikiza mwaukhondo, kuwala konyamula uthenga mu ulusimo sikutayika kwambiri panjira, kumatha kuyenda makilomita 80 popanda makina okuwonjezera mphamvu. Makina akachepa, magetsi amapulumuka, ndipo magetsiwo akazima, jenereta imamwa dizilo wochepa.