Kambalu ndi kanema wa mphindi imodzi

Ambiri adamudziwa Samson Kambalu mu 2022, chiboliboli chake cha John Chilembwe chitaimikidwa pa Trafalgar Square ku London. Chilembwe waima wamtali, chipewa chili kumutu, pambali pake mmishonale John Chorley ali wamfupi poyerekeza ndi iye. Ntchitoyo ndi yabwino ndithu, koma luso lenileni la Kambalu silili mu mkuwa wongoima. Lili m'timakanema tomwe amatitcha Nyau Cinema.

Timakanemati sitipitirira mphindi imodzi. Mulibe mawu, ndipo maonekedwe ake ndi a zithunzi zakalekale zija. Wosewera ndi iye mwini, pamalo paliponse pomwe wafika: mumsewu, m'paki, pafupi ndi chipilala. Adumpha, agwa, ayenda chobwerera, basi kanema watha, nkuyambiranso. Woonera wosaleza mtima anganene kuti ndi zachibwana. Inde ndi masewera, koma masewera owerengera bwino. Kambalu amadziwa podula. Akadawonjeza pang'ono chabe, kudumphako kukadasanduka nthano yofuna chiyambi ndi mathero, ndipo kudabwitsa kwake kukadathera pomwepo.

Apa ndi pomwe dzina la Nyau likumveka. Chilombo chikatuluka kudambwe sichifotokoza za moyo wake. Chimafika pabwalo, fumbi koboo, anthu asanakhute chapita. Kambalu, yemwe adabadwa mu 1975 ndipo adaphunzira ku Kamuzu Academy ndi ku Chancellor College, adatenga kafikidwe ndi kachokedwe komweko, zigoba ndi nthenga nkuzisiya. Kusewera ndi zopatulika adakuyamba kale: Holy Ball ya mu 2000 ndi mpira womatidwa masamba a Baibulo, woti anthu azimenya. Akhristu ena mpaka lero angatukule nsidze.

Chondidandaulitsa nchimodzi. Gule sakoma popanda ng'oma, popanda amayi oyimba ndi ana othawa akukuwa. Timakanemati tikamaonetsedwa pakhoma loyera, monga ku Venice Biennale mu 2015, oonera amaima chete manja kumbuyo ngati ali pamaliro a mlendo. Thupi la wovina lilipo, bwalo palibe. Mwina Kambalu amafuna kuti kusowa kumeneko kuoneke, poti ndi moyo wa munthu wokhala kutali ndi kwawo, komabe ntchitoyo imatsala yozizira.

Okonza zionetsero kuno kwathu, tengani timakanemati mukationetse usiku pamsika wa ku Dedza kapena ku Mchinji, komwe anthu amadziwa kuseka ndi kukuwira gule.