Kodi Chiphunzitso ndi Malamulo a Chiyankhulo Chabe?

M'chaka cha 1984 George Lindbeck, mphunzitsi wa ku Yale, wa mpingo wa Lutheran, amene adakhala nawo ngati mlendo pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, adatulutsa buku lotchedwa The Nature of Doctrine. Funso lake n'lakuti: ngati ziphunzitso sizisinthika, nanga mipingo imene idatsutsana zaka mazana anayi ingagwirizane bwanji popanda wina kukana zimene makolo ake adaphunzitsa?

Iye akana maganizo awiri. Ena amati chiphunzitso ndi mawu onena zoona, osagwedezeka ngati mwala. Ena amati ndi chizindikiro chabe cha zimene munthu amamva mumtima. Lindbeck akuti chipembedzo chili ngati chiyankhulo, ndipo ziphunzitso ndiwo malamulo ake: zimatiwongolera kuti tilankhule bwino za Mulungu ndi kukhala moyenera.

Pamenepa tiyenera kumuyamikira. Mwana saphunzira chiyankhulo m'buku ayi, amachiyamwa kwa amake. Chikhulupiriro nachonso chimaloŵa mwa munthu ndi Misa, ndi mapemphero a pabanja, ndi ntchito zachifundo. Tonse taonapo ophunzira oloŵeza Katekisimu yense amene moyo wao sudatembenuke. Chitsanzo cha Lindbeck n'choŵaŵa: msilikali wa nkhondo za mtanda amene atchula Kristu kuti Ambuye uku akuphwanya mutu wa mnzake, wasandutsa mawuwo bodza.

Komabe sitingamutsate mpaka kumapeto. Ku Nicaea, m'chaka cha 325, maepiskopi pamene adalengeza kuti Mwana ali ndi umulungu umodzimodzi ndi Atate, sadali kukonza kalankhulidwe kokha. Arius ankaphunzitsa kuti Mwana ndi wolengedwa. Ngati zili choncho, amene adafa pa mtanda si Mulungu, ndipo ife sitidapulumutsidwe. Athanasius adapirikitsidwa ku Alexandria kasanu chifukwa cha zimenezi. Munthu savomera kuzunzika motero chifukwa cha galamala.

Papa Yohane XXIII, potsekula Msonkhano m'chaka cha 1962, adasiyanitsa chuma cha chikhulupiriro ndi njira yochifotokozera. Njirayo itha kusintha malinga ndi nthaŵi ndi mtundu wa anthu, koma chumacho ndi choona chimene tidachita kulandira. Lindbeck watithandiza kuona mmene chiphunzitso chimagwirira ntchito mu Eklezia, koma pa za kuona kwake walankhula monong'ona.

Tsono bukuli tiliŵerenge, ansembe ndi a m'seminale tonse, koma tikumbukire kuti mayi woferedwa akatifunsa ngati akufa adzaukadi, safuna kumva mmene Akristu amalankhulira. Afuna kudziŵa ngati n'zoona.